Tsiku lomwe ndinaphulitsira apongozi tiyi

Abale, zinandionekera mu July wapitayu, mpaka pano ndikamadutsa kwawo kwa akazi anga ku Muloza ana amaseka atagwira pakamwa. Nkhani yake ndi ya chitini cha majarini.

Madamu kunyumba amapanga juwisi ndi jamu wa chinanazi. Kuno ku Mulanje zinanazi si nkhani, nyengo yake ikafika zimachita kuwolera m'mbali mwa msewu, ndiye iwo ndi anzawo a banki m'khonde anaphunzira kuphika juwisi n'kumathira m'timabotolo kukagulitsa pa Chitakale, chaka chathachi anawonjezeranso zopanga sopo. Chifukwa cha bizinesi zimenezi pa shelefu ya kukhitchini pali zitini za majarini zakale zingapo, zofanana ngati mapasa, zosalembedwa kalikonse, mwini wake amazidziwa pamtima. Ine kukhitchini ndimalowako pokatenga machesi basi.

Tsikulo kunali chiperoni chenicheni, phiri lonse osaoneka, kamvula kowaza kaja kolowa mpaka m'mafupa. Madamu analawirira kumsika. Cha m'ma 9 ndingomva njinga zamoto ziwiri zaima pakhomo, kusuzumira pawindo, apongozi! Onse awiri, aamuna ndi aakazi, osaimba foni osatani, akuti amapita kuchipatala kukayezetsa BP ndiye anati tidzere kaye tione adzukulu.

Apongozi anga aamuna muwadziwe kaye. Anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi mpaka kufika pa ukapitawo, munthu woti akangoyang'ana mu kapu amakuuza kuti masamba awa anathyola atakhwima. Sayankhula zambiri. Chilowereni m'banjamo ndinali ndisanawaonepo mano. Ndiye ndinati lero ndi lero, aone okha kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru.

Ndinakoleza mbaula, kuthamangira kwa aneba oweta ng'ombe kukagula mkaka lita imodzi ndi ndalama yomaliza m'thumba, kuwiritsa bwinobwino, masamba osaumira. Kutsegula chitini cha shuga wathu wabulawuni uja, mbee, mwangotsala nyerere ziwiri zikulimbirana kambulu kamodzi. Mtima unagunda. Ndinayamba kuvundukula zitini za pashelefu zija. Choyamba, kaufa koyera kosalala, aka ndinakazindikira, soda wa thelere. Chachiwiri, eee! Timibulu toyera tonyezimira, ndendende shuga woyera uja timangomuyang'ana mu shopu n'kumudutsa chifukwa cha mtengo. Ndinaima kaye n'kupukusa mutu. Ndinati mkazi uyu, zaka zonsezi ine ndikumwa wabulawuni iye akubisa woyera? Tikambirana madzulo. Ndinathira masupuni akuluakulu anayi, n'kuwonjezera yachisanu ya ulemu wa apongozi.

Kulawa ayi, mutu wonse unali pa mlandu wa shuga wobisidwa uja.

Nditangotakasa, tiyi anasintha nkhope. Anatuwa, kenako pamwamba panayamba kuyandama timabuluma ngati chambiko. Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinatukwana aneba chamumtima kuti andigulitsa mkaka wadzana, ndinatenga sefa n'kusefa, kuthira m'makapu a alendo aja amangokhala mu kabati chaka chonse, thireyi m'manja ndi mbale ya mbatata pambali, kukanjuta pabalaza mwaulemu wonse wa mkamwini.

Apongozi aamuna ananyamula kapu, kuuzira pang'ono, n'kumwa. Diso lakumanzere linatsinzina lokha. Masaya analowa mkati, khosi n'kutalika ngati tambala amene wameza chimanga chachikulu. Anameza ndithu, n'kuika kapu pansi pang'onopang'ono ngati muli dzira. Patapita kanthawi anati, "Bambo, tiyi ameneyu ndi wa esiteti iti?" Aakazi iwo anangonyambita n'kutembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka, kenako n'kufunsa mdzukulu wawo, osati ine, kuti kodi bambo ako amafinyira mandimu angati mu tiyi wa mkaka.

Ndinatola makapu n'kuthawira kukhitchini. Kulawa kadontho kokha, mano onse dzanzi, malovu kudzaza mkamwa, kuwawasa kwake ngati waphatikiza bwemba ndi malambe n'kuwonjezera mango osapsa. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 5 anali atanditsatira, anayang'ana chitini chija n'kunena mosatekeseka kuti, "Adadi, zimenezotu ndi citric acid za amama za juwisi, amati tisamagwire." Mxii, ndiye unali kuti nthawi yonseyi?

Apa ndi pamene sukulu inandipweteka. Ndikanakhala wosaphunzira ndikanakataya tiyiyo kuseri, n'kupepesa, nkhani n'kutha. Koma mkaka unali utatha, ndalama ndinalibe, ndipo m'mutu munabwera mawu a aphunzitsi a Physical Science ku Fomu 2 akuti asidi akakumana ndi base, monga soda, amathetsana mphamvu, chotsala ndi mchere ndi madzi. Ndinakumbukanso kuti citric acid ndi asidi yemwe uja amapezeka mu ndimu, komanso kuti agogo anga chilungulira chikawagwira ankasungunula kasoda m'madzi n'kumwa. Soda ndinali naye pompo, chitini choyamba chija. Ndinadziona ngati dokotala.

Chomwe ndinaiwala, kapena tsiku lophunzitsa zimenezo ndinajomba, n'chakuti soda wophikirayu, sodium bicarbonate, akakumana ndi asidi amatulutsanso mpweya wa carbon dioxide. Ndi mpweya womwewo umafufumitsa chigumu, womwewonso umachita tsii mukatsegula botolo la zoziziritsa kukhosi. Mu chigumu amangothira kansonga ka supuni. Ine ndinakhuthulira tiyi yense mu fulasiki ati asazizire, n'kuponyamo masupuni atatu odzaza mpaka kutayikira.

Thovu linayamba kukwera nthawi yomweyo likulira ngati mbatata yalowa mu chiwaya cha chipisi. Mwamantha ndinavundikira chitsekerero n'kumanga ndi mphamvu zanga zonse. Zii. Ndinati eya, sayansi yagwira ntchito. Mwana uja anabwerera m'mbuyo mpaka kukaima panja, iye ku Fomu 2 sanafike koma nzeru anali nazo.

Kuchokera kukhitchini kufika pabalaza ndi mapazi khumi okha. Fulasiki inkachita ngati ikulira chapansipansi, ine ndinkati ndi m'mimba mwanga chifukwa cha mantha. Ndinanjutanso. "Pepani bambo, uja analakwika pang'ono, wabwino ndi uyu." Kungopotokola chitsekerero kamodzi.

Phuuu!

Chitsekerero chinakamenya malata n'kugwera mu mbale ya mbatata. Thovu labulawuni linatumphuka ngati paipi yaphulika, kudenga, pa kalendala, pa jekete la apongozi lija amavala popita kutchalitchi ndi kuchipatala kokha, pa duku la apongozi aakazi, ine nkhope yonse, timabuluma ta mkaka tili lendelende m'nsidze. Mwayi wake tiyiyo anali atapola ndi maulendo onsewa, palibe anapsa. Aakazi anakuwa "Mayo ine!" n'kuthawira pa mvula nsapato m'manja. Aamuna sanasunthe n'komwe. Anavula magalasi, kupukuta ndi mpango, kuvalanso, n'kumangoyang'ana fulasiki ikupitiriza kusanza pa simenti.

Madamu anatulukira nthawi yomweyo, akuti mnzawo anawauza kumsika kuti makolo anu ndawaona pa kabaza. Anaima pakhomo, kuyang'ana kudenga, kuyang'ana bambo awo, kuyang'ana ine. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analowa kukhitchini n'kubwera ndi zitini zitatu, kuzindandalika pathebulo ngati umboni kukhothi.

Anati ichi ndi citric acid, ine ndimathira kasupuni ka tiyi kamodzi pa chigubu cha malita 5 kuti juwisi amveke kukoma komanso asawonongeke msanga, mu jamu amathandiza kuti agwirane, ndipo ndi yemweyu ndimatsukira ketulo ikachita zoyerayera pansi. Asidi akalowa mu mkaka amaudula, ndiye chambiko chanu chija, aneba musawanamizire. Ichi ndi soda, mwaona nokha ntchito yake. Kenako anakankha chachitatu, chokulungidwa mu majumbo awiri chifukwa akuti zamkatimo zimakoka chinyezi cha mumpweya, makamaka nyengo ya chiperoni ngati imeneyi. Chinali kuseri kwenikweni kwa shelefu, dzanja langa silinafikeko chabe chifukwa ndine wamfupi. Anatsegula. Zoyeranso, tizibenthu ngati mchere wamibulu. Caustic soda wa sopo. Ameneyu ukamuthira m'madzi ozizira madziwo amatentha okha popanda moto, amawotcha khungu, amadya ndi poto wa aluminiyamu yemwe, n'chifukwa chake iwo amasungunulira mu ndowa ya pulasitiki atavala magolovesi asanasakanize ndi mafuta.

"Mukanathira uyu, bwenzi pano tikukamba zina."

M'nyumba munachita zii. Mawondo anandifooka, ndinakhala pansi pa thovu pomwepo buluku lonse kunyowa.

Ndi pamene apongozi aamuna anatsegula pakamwa. Anati ku esiteti kunali mlonda wina amene ananyambitapo fetereza wa urea poganiza kuti ndi shuga, koma mnzathu uja analawa yekha, sanayambire alendo. Atatero anayamba kuseka. Zaka 9 ndili m'banja, mano aja ndinawaona tsiku limenelo, onse ndi a m'mbali omwe, anaseka mpaka kutsamwa moti aakazi anachita kubwerera kuchokera panja kudzawasisita pamsana, iwonso misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

Madzulo omwewo madamu analemba zitini zonse ndi zilembo zikuluzikulu, caustic soda analowa mu bokosi la loko ndipo kiyi wake sindinauzidwe komwe amakhala. Pa chitini cha shuga mwana uja anawonjezera ndi cholembera chake cha kusukulu kuti "ICHI CHOKHA ADADI". Jekete ndinachapa ndekha, kawiri, ndi sopo wa madamu yemweyo, n'kukalipereka ku Muloza nditalisita.

Mwezi wathawu apongozi anabweranso. Ndinawalandira chikwama, kuwapatsa mpando, ndisanatsegule n'komwe pakamwa anakweza dzanja.

"Madzi okha, bambo. Atunge mwanayu."