Tsiku Limene Chingerezi Chinandithawa pa Kanema

Ndinaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri, choncho pamene wailesi ina yakanema inandiitana kuti ndikafotokoze chiyambi cha mawu amene amagwiritsidwa ntchito poulutsa mapulogalamu, sindinaone chifukwa chochitira mantha. Ndinakhala pansi masiku atatu ndikulemba mfundo zanga. Ndinalemba kuti mawu akuti “broadcast” poyamba anali a alimi a ku England a m'zaka za m'ma 1700, ndipo ankatanthauza kufesa mbewu ndi dzanja m'malo modzala m'mizere, kufikira pamene anthu a wailesi anawabwereka cha m'ma 1920. Ndinakonza zoti ndikagometse owonera powauza kuti ife timati mawu amaulutsidwa ngati mbalame, pamene Mngerezi amati mawu amafesedwa ngati mbewu. Ndinalembanso kuti “television” ndi mawu a makolo awiri, mbali yoyamba ndi Chigiriki chotanthauza kutali ndipo yachiwiri ndi Chilatini chotanthauza kuona, komanso kuti John Logie Baird, mmodzi wa anthu amene anayambitsa kanema, anaonetsa makina ake ku London mu 1926, ndipo BBC inayamba kuulutsa kanema mokhazikika kuchokera ku Alexandra Palace pa 2 November 1936. Chinthu chokha chimene ndinalibe chinali nsapato zooneka bwino, ndipo ndinabwereka za alamu anga, zimene zinali zazing'ono pang'ono.

Nditafika, mtsikana wina wovala mahedifoni anandilandira mwaulemu nati, “Bambo, mudikire kaye mu green room, tikuitanani.” Atatero anathamangira kwina. Ine, pokhala munthu wodziwa kuti “green” ndi mtundu wobiriwira, ndinayenda m'khonde lonse ndikuyang'ana zitseko mpaka ndinapeza chimodzi chobiriwira kumapeto kwenikweni. M'katimo munali matsache, ndowa ziwiri ndi mpando wothyoka mwendo. Ndinaganiza kuti mwina anthu a kanema sasamala kwambiri za alendo, koma posafuna kuoneka wodandaula, ndinatembenuza ndowa imodzi ndi kukhalapo, mapepala anga ali pa maondo. Patadutsa mphindi pafupifupi makumi awiri mtsikana uja anatsegula chitseko ali wefuwefu, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhule. Chipinda chimene ankanena chinali pafupi ndi khomo lolowera, chinali ndi mipando yofewa, ndipo makoma ake anali oyera ngati mkaka. Dzinalo linachokera ku nyumba za zisudzo za ku London zaka mazana atatu zapitazo, ndipo limangotanthauza malo odikirira anthu asanaonekere, kaya apakidwe utoto wanji. Zimenezi ndinaziwerenga pambuyo pake, nthawi itatha kale.

Mu situdiyo munali kuwala kothobwa m'maso. Anandikhazika pafupi ndi mayi wotsogolera pulogalamu, amene onse ankamutchula kuti “anchor”, ndipo ndinadzitama mumtima chifukwa mawu amenewa ndinkawadziwa: ndi nangula amene amagwira sitima kuti isatengeke ndi madzi, monga momwe muulutsi amagwirira pulogalamu kuti isasokonekere. Mnyamata wina anandimangirira kamaikolofoni pa jekete, napititsa waya wake m'kati mwa malaya. Kenaka mkulu woyang'anira zochitika m'situdiyomo anakweza dzanja nafuula kuti, “Stand by!” Ndinachita monga momwe wophunzira wabwino aliyense akanachitira. Ndinaimirira, ndinayenda, ndi kukaima pambali pake, waya uja akukoka malaya anga mpaka batani linadumpha. Mkuluyo anandigwira paphewa nati, “Aphunzitsi, tikatero ndiye kuti khalani okonzeka pomwe mulipo, musasunthe.” Kunena zoona, ndimaonabe kuti ndi chinyengo kuuza munthu kuti aime pamene ukufuna kuti akhale.

Nditabwerera pa mpando, ndinamva mkulu uja akunena kuti, “Live in five.” Apa ndiye pamene panagona tsoka langa lonse. Mawu akuti “live” ndinawamva bwino, kuti chimene chikuchitika m'situdiyo chimafika kwa owonera nthawi yomweyo popanda kukonzedwa. Koma chiwerengerocho ndinachitenga kuti ndi mphindi zisanu, pamene iye ankanena masekondi asanu. Anawerenga mokweza manambala atatu oyamba, ndipo awiri otsiriza anangowaonetsa ndi zala, chifukwa pa nthawi imeneyo maikolofoni amakhala atatsegulidwa kale. Ine ndinayesa kuti akuyeserera. Kanyali kofiira kanayaka pamwamba pa kamera, chimene ndi chizindikiro chakuti kamerayo ndi imene dziko likuonera, koma ine ndinaganiza kuti batire likutha.

Poona kuti ndili ndi mphindi zisanu zonse zopumira, ndinawerama ndi kuvula nsapato ya kumanzere imene inali itandiluma kuyambira m'mawa, ndipo ndinausa moyo mokweza ngati munthu amene watula katundu wolemera. Mayi uja anali akumwetulira kamera ndi kupereka moni kwa owonera, ndipo ine ndinamusirira chifukwa cha khama lake poyeserera. Ndinamuyandikira ndi kumunong'oneza kuti, “Mayi, nsapatozi ndi zobwereka, zandimaliza zala. Kodi tisanayambe, chimbudzi chili mbali iti?” Kamaikolofoni kaja kanali pafupi ndi pakamwa panga kuposa khutu la mayiyo, ndipo kanagwira ntchito yake mokhulupirika kwambiri.

Kuchokera m'mahedifoni a wojambula amene anali pafupi nane munatuluka mawu a munthu wokwiya, ndipo pa zonse zimene ananena ndinangotolapo liwu limodzi, lakuti “kill”. M'chinenero cha m'situdiyo liwuli limatanthauza kuzimitsa, ndipo ankalamula kuti azimitse maikolofoni yanga. Koma m'makalasi anga onse liwuli linali ndi tanthauzo limodzi lokha, lomwe ndi kupha, ndipo popeza ndinali nditamva kale anyamata aja akukambirana za “shoot”, amene kwa ine ndi kuwombera koma kwa iwo ndi kujambula chabe, thukuta linayamba kuyenderera kumsana. Mayi uja anandifunsa funso loyamba, koma lilime langa linakana kutembenuka. Tinangoyang'anana. Chete wotere anthu a kanema amamutcha “dead air”, ndipo amamuopa kuposa moto. Anandiuza pambuyo pake kuti anatenga masekondi ochepa chabe, koma ine ndinamva ngati ndakhala pa mpandowo chaka chathunthu.

Mzimu utabwerera, ndinagwira mapepala anga ndi kuyamba kuyankhula, ndipo ndikhulupirira kuti ndinayankhula bwino. Ndinafotokoza za kufesa mbewu, ndinatchula Baird, kenaka ndinafika pa mawu amene ndimawakonda kwambiri, akuti “footage”, otanthauza zithunzi za kanema zimene zajambulidwa. Ndinauza owonera kuti kale zithunzi zinkajambulidwa pa filimu imene ankaiyeza ndi muyeso wa “foot”, kutanthauza phazi, ndipo filimu ya mamilimita 35 inkakhala ndi zithunzi 16 pa phazi lililonse, kotero kuti mphindi imodzi inkadya mapazi 90. Ndikutsindika mawu akuti phazi ndi chala m'mwamba, wojambula uja, amene sindidzamukhululukira, anatsitsa kamera yake pang'onopang'ono. Pa kanema wamng'ono amene anali patsogolo pathu ndinaona sokosi yanga yabulauni, chala chachikulu chikusuzumira pa chibowo, ndipo chapatali pang'ono nsapato ya alamu anga itagona chammbali yokhayokha. Mayi uja analuma mlomo, mapewa ake akugwedezeka.

Pomaliza mkulu uja anawomba m'manja nati, “That's a wrap,” kutanthauza kuti tamaliza, koma ine, pomva mawu okhudza kukulunga, ndinakhalabe pa mpando kudikira mphatso yokutidwa m'pepala, mpaka anayamba kuzimitsa magetsi.

Nditayatsa foni panja, uthenga woyamba unali wa alamu anga. Anati nsapato yawo aizindikira, ndipo akuifuna madzulo omwewo pamodzi ndi inzake. Wachiwiri unali wochokera ku wailesi kuja, wondithokoza ndi kundidziwitsa kuti owonera aikonda kwambiri pulogalamuyo, kotero kuti aibwereza Loweruka ndi Lamulungu, osadulapo chilichonse.