Masiku 211 a bambo aja

Lolemba m'mawa ndinapeza madandaulo ataunjikana. Ntchito yanga ndi yoyankha anthu amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yathu ya pafoni yothandiza munthu kuzolowera chinthu, kaya kuyenda m'mawa, kuwerenga, kapena kumwa mankhwala pa nthawi yake. Ukachita chinthucho umadina, umalandira mapointi, ndipo nambala ya masiku otsatizana amene sunaphonye, imene mu ofesi timangoti streak, imakwera. Ukaphonya tsiku limodzi, basi, wabwerera pa ziro.

Uthenga wautali kuposa onse unali wa bambo ena amene anafika masiku 211 akuchita masewera olimbitsa thupi. Loweruka anakwera ndege kupita kudziko lomwe nthawi yake ndi yosiyana ndi ya kwawo. Masewerawo anachitadi, m'chipinda cha hotela, thukuta kamukamu, n'kudina. Koma seva yathu, kompyuta yaikulu yosunga masiku a anthu onse, inali ikuwerengabe nthawi ya kwawo, komwe pakati pa usiku panali patadutsa kale. Ziro. Uthengawo unali wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ndipo ndinauwerenga kawiri ndikufunafuna pamene atchule za thupi lawo. Palibe. Anangoti tawabera miyezi isanu ndi iwiri.

Lachiwiri lonse linathera pa vutolo. Mnzanga wolemba mapulogalamu analipeza tisanapume masana, koma kulikonza kunamudyera tsiku.

Lachitatu ndi limene ndimalikonda, chifukwa ndimaimbira anthu amene anavomera kucheza nafe. Mnyamata wina anandiuza kuti pulogalamuyi inamuthandiza kumaliza buku koyamba chichokereni kusukulu, ndipo ndinamukhulupirira. Kenako mayi ena, titacheza kwa mphindi makumi awiri, anaseka mwamanyazi n'kuulula kuti masiku ena amadina kuti ayenda pomwe ali gone pabedi. Ndinawafunsa kuti, mayi, ndiye mumanamiza ndani? Anati, "Sindikudziwa, koma nambala ijayi isafe."

Si ife tokha amene timasewera ndi mtima wa munthu motere. Mu pulogalamu ya Habitica, yomwe poyamba inkatchedwa HabitRPG, ukalephera ntchito ya tsikulo kamunthu kako ka m'masewera kamavulala, ndipo ngati muli pagulu lolimbana ndi chilombo, anzakonso amavulala chifukwa cha ulesi wako. Mu Forest umadzala kamtengo, ndipo ukachoka m'pulogalamuyo nthawi isanakwane kamafota. Duolingo, pulogalamu yophunzirira zilankhulo, inaona kuti streak ikafa anthu zimawawawa, n'kuika streak freeze yoteteza tsiku limene waphonya. Ife tilibe ngakhale zimenezo.

Nkhani imeneyi ndi imene ndinapita nayo kumsonkhano wa Lachinayi. Ndinawakumbutsa za kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, amene anatuluka mu 2009. Anapeza kuti chinthu chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chilowerere, ena 18 okha, ena mpaka 254, komanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga chizolowezicho. Ndiye ife tikumulangiranji munthu pa chinthu chimene sichimuwononga? Ndinapempha kuti tizisonyeza masiku amene munthu wachita pamwezi, monga 26 mwa 30, m'malo moopseza ndi ziro.

Abwana anandimvetsera mpaka kumapeto, izi ndiwayamikire. Kenako anatchula Kahneman ndi Tversky, akatswiri a za maganizo a anthu, amene mu 1979 anasonyeza kuti kutaya chinthu kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumakomera. Anati manthawo ndi amene amabweza anthu tsiku ndi tsiku, ndipo anthu akamabwera ndi pamene ife timalandira malipiro. Sananame ayi. Ine ndemwe ndinayamba ndatulukapo m'bulangete usiku kukadina kuti streak yanga yowerenga isafe, buku ndisanaligwire n'komwe. Koma abwana amaona anthu amene abwera, ine ndimawerenga makalata a amene akutsanzika. Tinagwirizana kuti tiyese njira zonse ziwiri pa magulu awiri a anthu mwezi wamawa. Mu ofesi muno mawu akuti mwezi wamawa ndimawadziwa bwino.

Lachisanu ndinaloledwa kubwezeretsa masiku a bambo aja. Ndinalemba kalata yopepesa, ndinaifufuta katatu, n'kuitumiza cha m'ma 10. Yankho linabwera nditatsala pang'ono kuweruka, la zilembo zing'onozing'ono tsopano. Anathokoza. Kenako anati chionereni ziro uja sanachitenso masewera, masiku asanu athunthu, chifukwa sanaonenso chifukwa chake. Ndiye 211 imeneyi ndi yoona kapena ayambirenso?

Ndinatembenukira kwa mnzanga uja. "Achimwene, pakati pa usiku seva ikaona kuti sanadine masiku asanu, ichita chiyani?"

Anayang'ana pa kompyuta, n'kukanda mutu. "Iwabwezeranso pa ziro."

Chikwama ndinali nditanyamula kale. Ndinachiika pansi.