Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Masiku atatu pa chilumba cha Mumbo

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera gawo lapitalo litatuluka, makamaka mayi a ku Rosettenville amene anandikumbutsa kuti nkhani ya ku chilumba ndinaisiyira panjira. Lero ndiimaliza, kaya alamu anga aja akwiya kaya sakwiya.

Zaka zinayi zolera ana ku Randburg zinadutsa popanda chonena. Mu 2018 adona anandiuza kuti banja lonse likupita ku Malawi kukapuma, ndipo ine ndipita nawo chifukwa cha mwana wamng'ono uja. Ine amene ndinabwera ku Joni pa basi, masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndinabwerera pa ndege kuchokera ku OR Tambo n'kutera pa Chileka dzuwa lisanapendeke.

Titadutsa pa boma la Mangochi, pa msewu wopita ku Monkey Bay, ndinauona mlambe wa pa mphambano yolowera kwathu. Mayi anali akudwala nthawi imeneyo, ndipo ndinkadziwa kuti ali pamphasa m'khonde, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Mwana anali atagona pamiyendo panga, abwana ankangoyang'ana wotchi chifukwa boti linkatidikira ku Cape Maclear, ndipo mawu akuti tiime pang'ono anafika pakhosi n'kubwerera. Ndinautsatira mlambewo ndi maso mpaka khosi linakana kupotoloka.

Chilumba cha Mumbo chili mkati mwa paki ya Lake Malawi, imene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo palibe mudzi pamenepo. Tinkagona m'matenti omangidwa pa matabwa pamwamba pa miyala ikuluikulu, denga lake la udzu, bedi loyalidwa nsalu zoyera. Posamba ankatipachikira ndowa ya madzi ofunda, ndipo m'chimbudzi munkathiridwa utuchi m'malo mwa madzi. Adona ankasangalala nazo kwambiri zimenezi, pamene ine ndinkakumbukira kuti chaka changa choyamba ku Diepsloot ndinkasambiranso m'ndowa, koma kumeneko tinkati ndi umphawi. Sindikunyoza malowo ayi, chifukwa nsomba zokongola za mbuna zimene ndinaziona pakati pa miyala, ndi nkhwazi yotsika kudzawakha nsomba pafupi ndi ine, sindinazionepo chotero ngakhale ndinakulira m'mbali mwa nyanja yomweyo.

Mnyamata wobweretsa tiyi m'mawa anandipatsa moni m'Chingerezi, ndipo nditamuyankha m'Chichewa anatsala pang'ono kugwetsa thireyi. "Achemwali, kwanu n'kuti?" Nditamuuza, anandifunsa ngati ndapitako kale. Usiku umenewo ndinakhala pa matabwa paja kuyang'ana nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa madzi, ndikudzilonjeza kuti pobwerera ndilimba mtima ndipemphe.

Pobwerera sitinadutsenso ku Mangochi, chifukwa ndege tinakakwerera ku Lilongwe kudzera njira ya Golomoti. Mayi anamwalira patapita miyezi itatu.

Alamu, munanena pa maliro, anthu onse akumva, kuti ndinadutsa pa khomo la mayi anga pa galimoto ya azungu ngati mlendo. Kudutsa ndinadutsadi, sindikana. Koma ndalama za mankhwala zimene munkalandira mwezi ndi mwezi zinkachokera pa ntchito yomweyo imene ndinkaopa kuitaya, ndipo za ndalamazo simunatchuleko pa maliro paja.