Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku limene ndinaphunzira kuwerenga injini

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ine ndi abwana anga tinakoka Chevrolet C20 ya 1972 kumunda kwa mlimi wina kunja kwa mzinda wa South Bend, ku Indiana m'dziko la America, injini yake itaumiratu ndi dzimbiri. Abwanawo ndinkawatchula kuti Madala, ndipo nditawauza tanthauzo lake analikonda dzinalo. Anandiuza kuti pikiapuyo ndi yanga, bola injini ndidzipezere ndekha.

Mtima wanga unali pa big block, mtundu wa injini zikuluzikulu za Chevrolet. Mu 1972 Chevrolet inkagulitsanso mapikiapu ena ali ndi big block ya 402 (nambalayi imanena kukula kwa injini), choncho malo oikapo injini yaikulu analipo kale. Kusiyanitsa yaikulu ndi yaing'ono ndinkadziwa: chivundikiro cha mavalavu cha big block chimamangidwa ndi mabawuti 7, cha small block 4. Koma kunja kwake 396, 402, 427 ndi 454 ndi ana a mimba imodzi, nkhope n'zofanana.

Loweruka lina munthu wina wogulitsa zitsulo zakale anandionetsa injini ili pa tayala kuseri kwa shedi. Anati ndi 427, ndipo mtengo wake unali wotsika. Ndinangoti laponda lamphawi, dzanja lili kale m'thumba. Madala anandigwira paphewa, n'kundipatsa burashi ya waya ndi tochi.

Ndinagwada m'matope. Anandiuza ndipale kumbuyo kwa buloko, mbali ya dalaivala, pamene pamalumikizana ndi giyabokosi. Girizi wa zaka zambiri anachoka ngati chikhokho cha mumphika, manambala otukuka n'kuyamba kuoneka limodzilimodzi. Kenako kutsogolo, mbali ya pasenjala, pali kamalo kosalala kodindidwa zilembo. Madala anaziyang'ana m'kabuku kawo kothothoka masamba, n'kupukusa mutu.

Inalidi 427, koma ya malole akuluakulu ndi mabasi a sukulu, imene amaitcha tall deck. Buloko yake ndi yaitali mainchesi 10.2 pamene ya wamba ndi 9.8. Kusiyanako n'kochepa kuposa chala, komabe intake (polowera mpweya ndi petulo) ndi distributor (chogawa moto ku mapulagi) za wamba sizilowa popanda kukonzanso, ndipo mapisitoni ake ndi olemera, a mphete zinayi. Wogulitsayo sindimuimba mlandu, mwina nayenso anangomva kwa ena. Chimene chinandiwawa n'chakuti ndalama zimene ndinasunga miyezi yambiri, ndikudzimana kuti kumudzi nakonso ndizitumizako, zikanathera pamenepo.

Patapita milungu itatu tinapeza 454 ya malita 7.4 mu galimoto ya Chevrolet Suburban yogundidwa ya m'ma 1980. Ine ndinadandaula kuti mahedi ake ndi a timabowo ting'onoting'ono, aja amati peanut port. Madala anandifunsa ngati ndikufuna mpikisano kapena kukoka ngolo. Mahedi amenewo amapereka mphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo pikiapu yantchito imafuna zomwezo. Inalinso yakale kuposa za 1991, zimene zilibe pomangira pampu ya petulo ya pabuloko.

Tisananyamuke Madala anandituma ndibwerere kukamasula flexplate (chimbale cha kumbuyo kwa injini) ndi damper yake (chitsulo chozungulira cha kutsogolo). 454 amaibalansa ndi zitsulo ziwiri zakunjazo, ndiye ukaika za 396 kapena 427 imanjenjemera mpaka kudya maberingi. Ndinalowa pansi pa Suburban ija dzuwa likulowa, zala zitauma ndi chisanu, Madala atandigwirira tochi.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani zimene tinapeza titatsegula sampu.