Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Makatani a Idi ya chaka cha Freddy

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe madzi a namondwe wa Freddy analowa m'nyumba yathu ya lendi ku Chilobwe, m'mwezi wa Malichi 2023. Ife tinatuluka amoyo tonse, Alhamdulillah, pomwe anzathu a kumtunda, m'munsi mwa phiri la Soche, anakwiririka ndi matope ndi miyala. Choncho zomwe ndilembe lero ndi zazing'ono, ndikudziwa. Koma zinandisowetsa tulo.

Tinasamukira ku Bangwe, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo pasanathe sabata ziwiri Ramadani inayamba. Kapeti inali itawola, makatani atachita nkhungu. Pamazenera ndinakhomerera zitenje ndi misomali, futali, chakudya chomasulira kusala madzulo, tinkadyera pa mkeka wobwereka. Sindinkadandaula, mpaka tsiku lomwe apongozi anaimba foni kuchokera ku Mangochi kuti Idi adzadyera kwathu, akufuna aone adzukulu ndi maso awo. Apongozi angawo si olongolola. Amangoyang'ana chinthu nthawi yaitali, iwe nkudziweruza wekha.

Kutatsala masiku anayi, nditangoswali Fajiri, pemphero la m'bandakucha, ndinakwera minibasi ya ku Limbe, K15,000 nditaimanga pa nsonga ya chitenje. Kaunjika amafuna kulawirira. Belo imadulidwa m'mawa, osankha oyamba ndiwo amalipira zambiri koma amatola zabwino, ofika dzuwa litapendeka amapeza zotsika mtengo, zong'ambika ndi zothimbirira. Ndipo mabelo sasakaniza: ya makatani payokha, ya zofunda payokha, ya nsalu za patebulo payokha. Wogulitsayo amaigula yomanga, osaona zam'kati, ndiye nayenso amakhala akutchova juga. N'chifukwa chake pa katani yabwino sagonja msanga.

Tinali amayi ambiri, ena a mipango ngati ine, tonse milomo gwa ndi swaumu, kusala kwa Ramadani. Mawaya a belo atangodulidwa, fungo lija la kaunjika linatuluka, manja nkuyamba kulimbana. Ine ndinagwira nsonga ya nsalu yolemera, yobiriwira modera, mayi wina atagwira nsonga inayo. Tinayang'anizana, iye nkuseka nati, "Tengani achemwali, tisayambane m'mwezi uno." Inali ndi inzake, awiri ofanana. Mnyamata wogulitsa anayambira pa K14,000.

"Achimwene, nanga mpunga wa Idi ndikagula ndi chiyani?"

"Mayi, iyi ndi ya kuhotela kunja, igwireni mumve."

Tinanenererana mpaka K9,000, nandiwonjezera kansalu ka patebulo koluka, kokhala ndi banga la tiyi pakona. Kulakwa kwanga kunali kumodzi: sindinawatambasule mpaka pansi. Ludzu linali litandikwana, ndinangopinda nkuponya m'jumbo.

Kunyumba, nditawachapa ndi kuwayanika, mwana wanga wamng'ono anafuula, "Amama, agalu!" Zoonadi. M'mphepete mwa pansi, kuchoka uku kufika uko, munali agalu osaka, makutu gwedegwede, akuthamangitsa bakha. Mikono yanga inalefuka. Ife tinaphunzira kumadrasa kuti angelo salowa m'nyumba momwe muli galu kapena chithunzi cha chamoyo, ndiye ine ndagula zonse ziwiri pa nsalu imodzi, ndi ndalama ya nkhuku. Bambo a kunyumba anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke.

Kaunjika sabweza, zimenezo aliyense amadziwa. Ndinathamangira kwa telala wa pakhonde la golosale, koma sabata ya Idi telala ndi mfumu: mikanjo ndi madiresi a ana zinali zitaunjikana mpaka pa mawondo. Anandiuza kuti ndibwere Idi ikadutsa. Ndinakhala pa benchi osachoka, mpaka anatopa nane. Anadula agalu onse, makatani nkufupika osafika pansi pa zenera, ndiye tinang'amba chimodzi mwa zitenje zija zinali pamazenera, cha maluwa achikasu, nkulumikiza m'munsi. Mabowo a misomali anawabisa mumsoko. Banga la tiyi lija ndinaliphimba ndi mbale ya shuga.

Usiku womwe wailesi inalengeza kuti mwezi waoneka, ndinasita mpaka makala a m'simbi kuzima. M'mawa amuna atabwerako ku swala ya Idi, apongozi anakhala pa mkeka watsopano wa mlaza, mpunga wa Kilombero ukununkhira. Anayang'ana zenera nthawi yaitali ija. Kenako anadzuka, nkugwira msoko wa chitenje ndi zala ziwiri.

"Mwanangu, awa munagula sitolo iti? Ndikufuna otere kwathu."

Ndisanatsegule pakamwa, mwana uja anatulukira kuchipinda atadzikulunga m'khosi kansalu kakatali kobiriwira, agalu ali mbwee. "Agogo, onani!"

Zomwe anayankha apongozi, ndi momwe ndinabwererera ku Limbe nawo limodzi asanakwere basi ya ku Mangochi, ndidzalemba sabata yamawa.