Ana ochenjera amene achedwa kulankhula

Ndine namwino wa kusikelo ya ana pachipatala china chaching'ono cha kunja kwa tauni ya Chipata, ndipo sabata yathayi nthawi yanga yambiri inathera pa ana ochedwa kulankhula.

Lolemba kunabwera mnyamata wa zaka 2 ndi miyezi 3 amene mawu ake sanali kukwana 10, pamene anzake ambiri amsinkhu umenewo amakhala ndi mawu pafupifupi 50 ndipo amayamba kulumikiza awiri, monga "amama madzi". Ambuya ake anati, "A Sista, mwanayu ngochenjera, ndipo atate ake nawonso anachedwa chonchi." Ndinamutuma ndi pakamwa pokha, manja anga ali m'thumba, kuti atenge nsapato akawapatse ambuyawo, ndipo anachitadi zimenezo. Mwana amene amamva zonenedwa, amaloza ndi chala zimene akufuna ndiponso amasewera ndi anzake sandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambiri otere amawapeza anzawo akamafika zaka 3. Ndinawapempha kuti azimutchulira mayina a zinthu pomusambitsa ndi pomudyetsa, azimudikira kuti ayese kunena yekha, ndipo abwerenso pakapita miyezi itatu.

Amene sanandichoke m'maganizo ndi mtsikana wa Lachitatu, wotsala pang'ono kukwanitsa zaka 3. Nayenso anali wochenjera: anabereka chidole ndi chitenje n'kumachigwedeza monga amachitira amayi ake, ndipo chilichonse chimene amayiwo anamuuza akumuyang'ana ankachita. Koma nditaima kumbuyo kwake n'kumuitana dzina, poyamba motsitsa kenako mokweza, sanacheuke. Nditafunsitsitsa, amayiwo anakumbukira kuti makutu ake anatuluka mafinya dzinja lonse. Mwana wanzeru amaphunzira kutsata nkhope, milomo ndi manja a makolo ake mwaluso kwambiri moti pakhomo onse amakhulupirira kuti akumva bwino, choncho nzeru zakezo n'zimene zimabisa vutolo kwa miyezi yambiri. N'chifukwa chake ine sindivomera mawu akuti "adzalankhula yekha" ndisanaone makutu ndi kufunsa ngati mwanayo anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, amenenso amatha kuononga kumva.

Achibale anali atakonza kale zokamudula kamnofu ka pansi pa lilime kumudzi. Ndinawaletsa mwamphamvu, pakuti kamnofuko sikachedwetsa mwana kuyamba mawu, ndipo kudula kotereko kumangobweretsa magazi ndi zilonda. Ndinawalembera kalata yopita ku Chipata Central Hospital, n'kuwafotokozera kuti kupima kwakuya kwa makutu kumapezekanso kuchipatala cha Beit CURE ku Lusaka, ndiponso kuti ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kuli sukulu ya ana osamva ngati zingafike pamenepo.

Lachinayi linathera pa katemera ndi malipoti. Lachisanu, pophunzitsa amayi asanayambe kukweza ana pasikelo, wina anafunsa ngati mwana wake amasokonezeka pomva Chichewa, Chinsenga ndi Chingerezi pakhomo limodzi. Ndinamutsimikizira kuti zinenero zingapo sizichedwetsa mwana, ndipo kunena "madi" m'malo mwa "madzi" n'kwachibadwa, chifukwa mlendo amamva pafupifupi theka chabe la zolankhula za mwana wa zaka 2, pamene wa zaka 4 amayenera kumveka pafupifupi zonse. Chimene ndinawadandaulira ndi foni yopatsa mwana kuti atonthole, pakuti malangizo a 2019 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera foni kapena TV, ndipo wocheperapo asapatsidwe n'komwe.