Maola atatu osaimba nyimbo: mmene mawailesi okamba ndale ku America amayendera

Ikangokwana 12 koloko masana pa nthawi ya ku New York (kuno kwathu imakhala 6 koloko madzulo, kapena 7 m'miyezi yawo yozizira), mawailesi mazanamazana a ku America amasiya zawo n'kulumikiza pologalamu imodzi yochokera pa setilaiti. Munthu mmodzi kapena awiri amayankhula maola atatu: za boma, za misonkho, za olowa m'dziko popanda zikalata, za nkhondo. Nthawi imeneyi inali ya Rush Limbaugh kuyambira 1988 mpaka pamene anamwalira pa 17 Febuluwale 2021, ndipo lero pa mawailesi ambiri ili m'manja mwa Clay Travis ndi Buck Sexton. M'mawa kuyambira 9 koloko kumakhala Glenn Beck, 3 koloko amalowa Sean Hannity, 6 koloko madzulo Mark Levin. Woyendetsa thilaki amene sanakhudze wailesi yake amamva mbali imodzi ya ndale, ya ma conservative ndi chipani cha Republican, kwa maola 12 osadukiza.

Zimenezi sizikanatheka zaka 40 zapitazo. Kuyambira 1949, bungwe la FCC, lomwe limapereka ziphaso kwa mawailesi, linali ndi lamulo lotchedwa Fairness Doctrine: wailesi ikakamba nkhani yogawanitsa anthu, inkayenera kupereka mpata kwa a maganizo osiyana. Khoti lalikulu linavomereza lamuloli pa mlandu wa Red Lion mu 1969. Eni mawailesi ambiri, poopa madandaulo ndi kulipira maloya, ankangopewa ndale. Mu 1987 aphungu anayesa kulisandutsa lamulo la nyumba ya malamulo, Pulezidenti Ronald Reagan anakana kusayina, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho FCC inalithetsa. Panthawiyo mawailesi a AM anali akufa, chifukwa nyimbo ndi achinyamata zinali zitasamukira ku FM komwe mawu amamveka bwino. AM inatsala ndi chinthu chimodzi chomwe imatha: kunyamula mawu a munthu kupita nawo kutali. Limbaugh, yemwe anali pa KFBK ku Sacramento kuyambira 1984, anamutengera ku New York, ndipo pa 1 Ogasiti 1988 anayamba kumveka pa mawailesi 56. Pofika pachimake anali pa mawailesi pafupifupi 600.

Chomwe chinafalitsa pologalamu zoterezi ndi mgwirizano wa ndalama. Wailesi yaing'ono ya kutauni yakumidzi sikanakwanitsa kulipira woulutsa waluso. Kampani yogawa pologalamu imati: tengani maola atatu awa, m'malo mwa ndalama mutipatse mphindi zingapo za malonda pa ola lililonse, zotsalazo gulitsani nokha kwa ogulitsa magalimoto ndi madokotala a mano a kwanuko. Kampaniyo imasonkhanitsa mphindi zake zonse kuchokera m'mawailesi 500 n'kuzigulitsa pamodzi kwa otsatsa malonda a dziko lonse. Woulutsa akatchuka kwambiri, monga zinalili ndi Limbaugh, mawailesi amalipiranso ndalama pamwamba pa mphindizo. Lamulo la Telecommunications Act la 1996 linadzamaliza ntchito: linachotsa malire akuti kampani imodzi isapitirire mawailesi 40 m'dziko lonse, n'kulola mpaka 8 mumzinda umodzi waukulu. Clear Channel, yomwe lero ndi iHeartMedia, inafika pa mawailesi pafupifupi 1,200, ili ndi kampani yakeyake yogawa pologalamu, Premiere. Mwini wailesi ndi mwini pologalamu akakhala mmodzi, woulutsa wa m'deralo ndiye amayamba kuchotsedwa ntchito.

Mkati mwa situdiyo, mfumu si woulutsa koma wotchi. Ola limayamba ndi kutchula dzina la wailesi ndi mzinda wake, zomwe FCC imafuna pa ola lililonse, kenako nkhani mwachidule, nyengo ndi za pamsewu. Woulutsa amalowa patapita mphindi pafupifupi 6. Mukachotsa nkhani ndi malonda, mphindi zoyankhula zenizeni kawirikawiri sizikwana 40 pa ola. Pali kupuma kwa mitundu iwiri. Kwina woulutsa amasankha yekha nthawi yake, akhoza kuchedwerako mphindi imodzi kapena ziwiri kuti amalize mfundo. Kwina n'kosasunthika, kumafika pa sekondi yoikika, ndipo kompyuta imamudula ngakhale ali pakati pa chiganizo. N'chifukwa chake mumamva akuthamangitsa mlendo, ngakhale senata, kuti amalize msanga. Popuma, situdiyo imatumiza chizindikiro kudzera pa setilaiti, makompyuta a mawailesi onse n'kuyamba kuulutsa malonda awoawo. Mawailesi ambiri masana mulibe munthu m'chipinda choulutsiramo. Chizindikiro chija chikaphonyeka, pamamveka zii kwa mphindi zingapo, kapena malonda a m'deralo amayankhulira pamwamba pa woulutsa, ndipo wotsatsa amene malonda ake sanamveke amayenera kubwezeredwa nthawi ina mwaulere.

Mawu omwe mukumva amakhala atachedwetsedwa ndi masekondi 7 kapena kuposerapo. Woimba foni akatukwana, injiniya amadina batani lotaya masekondi amenewo asanafike pa mlongoti, chifukwa FCC imalipiritsa chindapusa wailesi yomwe yaulutsa zolaula pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku. Vuto lili apa: batani likadinidwa, makinawo amafunika nthawi kuti amangenso masekondi aja pang'onopang'ono, potalikitsa timipata tapakati pa mawu. Nthawi imeneyo woulutsa wanzeru satenga foni ina.

Mafoniwo asakunyengeni. Aliyense woimba amayamba wakumana ndi wosefa, amene amamufunsa dzina, komwe ali ndi mfundo yake m'chiganizo chimodzi, n'kuzilemba pa kompyuta ya woulutsa. Wosefa wa Limbaugh, James Golden, anatchuka yekha ndi dzina la Bo Snerdley. Amene amadutsa ndi omveka bwino pafoni, achangu, ndiponso amene angapatse woulutsa poyambira. Wotsutsa amalandiridwa ndi manja awiri ngati mfundo yake ili yosavuta kuigwetsa. Choncho mawu akuti "anthu akwiya, mafoni akuchita kuyaka" sanena chilichonse za maganizo a dziko.

Chomwe chimalamulira kayankhulidwe ndi mmene omvera amawerengedwera. M'mizinda ikuluikulu 48, kampani ya Nielsen imapatsa anthu osankhidwa kachipangizo kotchedwa PPM koti azikayenda nako. Kamamva chizindikiro chobisika m'mawu a wailesi iliyonse. M'mizinda ing'onoing'ono anthu amalemba okha m'kabuku kwa sabata imodzi. Ola limagawidwa panayi, ndipo kwa zaka zambiri wailesi inkapatsidwa gawo lonse la mphindi 15 ngati munthu wamvera mphindi 5. Mu 2025 anazitsitsa kufika pa 3 m'mizinda ya PPM. Apa ndi pamene pamachokera chizolowezi chija cholonjeza kuti "tikangobwerako ndikuuzani zomwe akubisirani": cholinga n'chakuti muwoloke kulowa m'gawo lotsatira. Mkwiyo ndi mantha zimasunga munthu m'galimoto kuposa mmene ndondomeko ya bajeti ingachitire. Palinso kavuto kaukadaulo: chizindikiro cha PPM chimabisala bwino m'nyimbo kusiyana ndi m'mawu a munthu amene amapumira, moti cha m'ma 2015 mawailesi ambiri anagula makina otchedwa Voltair kuti chizimveka mwamphamvu.

Otsatsa malonda akuluakulu amafuna anthu a zaka 25 mpaka 54, pamene omvera ambiri a mawailesiwa ndi achikulire. Mu 2012 Limbaugh atanyoza Sandra Fluke, wophunzira zamalamulo amene anayankhula kwa aphungu za mankhwala olera, makampani ambiri anachotsa malonda awo, ena n'kulamula kuti asamaikidwe pafupi ndi pologalamu iliyonse yandale. Otsala ndi ogulitsa golide, mankhwala a ululu ndi zotetezera nyumba, omwe amalipira kwambiri woulutsa akawerenga yekha malondawo ndi pakamwa pake. N'zosadabwitsa kuti nkhani yoti chuma chagwa imayenda bwino pa pologalamu yomwe ikugulitsa golide.

Pa chisankho pali malamulo omwe anatsala. Gawo 315 la lamulo la zofalitsa mauthenga la 1934 limati wailesi ikapatsa nthawi munthu wopikisana nawo, anzake opikisana naye akhoza kupempha nthawi yofanana pasanathe masiku 7, kupatula pa nkhani ndi macheza enieni a atolankhani. Lamuloli limakhudza opikisana okha, osati maganizo a woulutsa. Iye akhoza kuchemerera munthu mmodzi miyezi isanu popanda mlandu. Koma iye mwini akaima, amachoka pa wailesi, monga anachitira Larry Elder pofuna ugavanala wa California mu 2021. Komanso masiku 45 chisanafike chisankho chachipulula ndi masiku 60 chisanafike chachikulu, wopikisana amagula malonda pa mtengo wotsikitsitsa womwe wailesiyo imapereka kwa makasitomala ake okondedwa. Magulu ongothandiza kunja salandira mtengo umenewu.

Nanga mawailesiwa amasankhitsa mtsogoleri wa dziko? Mbiri ikukana. Bill Clinton anapambana kawiri, Barack Obama kawiri, onse akunyozedwa maola atatu tsiku lililonse. Ngakhale m'chipani mwawo, mu 2008 Limbaugh, Hannity ndi Levin anakana John McCain, koma iye ndi amene anaimira Republican. Mphamvu yawo ili pena: pa zisankho zomwe ovota amakhala ochepa, ndi pa kuopseza aphungu a chipani chawo chomwe. Mu 1994 a Republican atatenga nyumba ya House of Representatives koyamba m'zaka 40, aphungu atsopanowo anamupatsa Limbaugh umembala waulemu wa gulu lawo. Mu Juni 2007 bilu ya George W. Bush yokonza za olowa m'dziko inafera mu Senate omvera atadzaza mafoni a masenata, mpaka senata Trent Lott anadandaula poyera kuti mawailesiwa ndiwo akuyendetsa dziko. Senata wa Republican saopa kwenikweni wa Democrat. Amaopa mnzake womulanda mpando pa chipulula, ndipo ovota pa chipulula ndi omwewo amene amamvera wailesi masana.

Chaka cha 2016 chinaonetsa kuti pakati pa woulutsa ndi omvera, wamkulu ndani. Ku Wisconsin, Charlie Sykes wa WTMJ ku Milwaukee ndi anzake anakana Donald Trump, ndipo Ted Cruz, wopikisana ndi Trump, anapambana chipulula cha kumeneko mu Epulo. Koma m'dziko lonse omvera anali atasankha kale. Levin ndi Beck, omwe anali ndi Cruz ndipo anadzudzula Trump kwambiri, anadzatembenuka. Sykes anasiya pologalamu yake kumapeto kwa chakacho, ndipo kampani ya Salem inasiyana ndi Michael Medved, wotsutsa Trump wina, kumapeto kwa 2018. Woulutsa ali ngati woimba ng'oma pagule: akhoza kufulumizitsa ovina, koma akasintha nyimbo yomwe iwo sakuifuna, bwalo limatha. Malire ena amabwera ndi maloya. Mu Januwale 2021 kampani ya Cumulus inalembera oulutsa ake kuti asiye kunena kuti chisankho cha 2020 chinabedwa, apo ayi achotsedwa ntchito.

Pa zachitetezo cha dziko, pologalamu ya Hannity inayamba kumveka m'dziko lonse pa 10 Seputembala 2001, tsiku limodzi zigawenga zisanaphulitse New York ndi Washington, ndipo zaka zotsatirazo mawailesiwa anali patsogolo kuchemerera nkhondo ya ku Iraq. Mu 2003 Beck anakonza misonkhano yochemerera asilikali yotchedwa Rally for America. Lero mgwirizano umenewo kulibe. Levin akadali wofuna kuti Iran ikhaulitsidwe, pamene omvera ambiri a Trump atopa ndi nkhondo zakunja ndiponso ndi kutumiza ndalama ku Ukraine. Ochepa ndi amene amafunsa mafunso olimba pa nkhanizi. Hugh Hewitt ndi mmodzi: mu 2015 anafunsa Trump za gulu la asilikali la Quds la ku Iran, iye n'kuyankha za anthu a mtundu wa Kurd, ndipo pa mtsutso wa mu Disembala anamufunsanso za njira zitatu zoponyera zida za nyukiliya, zapamtunda, zam'nyanja ndi zam'mlengalenga. Khomo la pakati pa situdiyo ndi boma ndi lotsegula mbali zonse. Sexton anagwirapo ntchito ku CIA, Mike Pence anali woulutsa ku Indiana asanakhale phungu, ndipo mu 2025 Dan Bongino anasiya pologalamu yake kukakhala wachiwiri kwa mkulu wa FBI. Pomvera, ndi bwino kudziwa kuti amene akukufotokozerani za chitetezoyo mwina akufuna ntchito kwa amene akumuyamikirayo.

Nkhondo yomwe ikuwasowetsa tulo eni mawailesi panopa ndi ya m'galimoto. Ma injini a magalimoto a magetsi amasokoneza mafunde a AM, ndipo makampani monga Tesla ndi BMW anachotsa AM m'magalimoto awo oterewa. Ford inayesa, koma inabweza maganizo mu Meyi 2023. Chaka chomwecho Ed Markey wa Democrat ndi Ted Cruz wa Republican anabweretsa limodzi bilu yokakamiza kuti galimoto iliyonse yatsopano izikhala ndi AM, ponena kuti mawailesi akuluakulu a AM ndiwo msana wa njira yomwe boma limachenjezera anthu pangozi. Mawailesi ambiri athawira kale ku timilongoti ta FM tothandizira, koma timeneti sitipitirira mawati 250 ndipo timangokwanira mzinda umodzi, pamene wailesi ya AM ya mawati 50,000, monga WABC kapena WLW ya ku Cincinnati, usiku imamveka m'zigawo zambiri za dzikolo.